Alendo akufuna phiri ndi nyama zomwe pa masiku 5, tiyambe chani?

Mayi a Tamanda (Matawale): Odi pagulu pano. Abale ndithandizeni nzeru mutu waima. Achimwene anga ali ku Cape Town aja akubwera mu Julaye ndi akazi awo ndi ana awiri, wina wa zaka 16 wina 11, ndiye alamu angawo nkoyamba kuponda Malawi muno. Andilembera kuti zomangopita kunyanja iwo ayi, akufuna akaone nyama ku Liwonde komanso akwere phiri, ati Mulanje mpaka pa Sapitwa penipeni poti anaona zithunzi pa intaneti. Masiku ali nawo ndi 7, awiri ndi a kumudzi kwa amayi ku Jali amenewo palibe zokambirana, nde atsala 5. Ine ndinabadwira mu Zomba momuno koma kunena chilungamo phiri lathu la Zombali ndimangoliona ndikamayanika zovala, ku hotela ya Ku Chawe pamwamba paja ndinafikako kamodzi pa ukwati, pa galimoto. Zitheka zonsezi? Tiyambe chani?

Che Chinamwali: Kkkkk ndikamayanika zovala. Musachite manyazi mayi tilipo ambiri, ine ndakalamba ndikumwa madzi a Mulunguzi koma damu lakelo mutandionetsa pa chithunzi ndingati ndi ku Norway

Nangozo: Anti zitheka koma Sapitwa ichotsenipo kaye. Sapitwa payokha imadya masiku atatu. Loyamba mumanyamuka pa Likhubula, mmunsi mwa phiri la Mulanje, mmamawa kukagona ku ka nyumba ka Chisepo, tsiku lonse muli panjira, lachiwiri kukwera pansonga nkubwerera, lachitatu kutsika, nde mukatsika miyendo imakhala si yanunso. Ndipo mwana wa zaka 11 ine sindingamutengere kumeneko mu Julaye olo mutandilipira

Mayi a Tamanda (Matawale): Alamu akuti iwo ngozolowera, amakwera Table Mountain pafupifupi wikendi iliyonse

Aphunzitsi opuma (Domasi): Mayi a Tamanda, alamu anuwo muwauze mwaulemu kuti Table Mountain sifika ndi mamita 1,100 omwe kuchokera pa nyanja yamchere. Tauni yathu ya Zombayi ili kale pa mamita oposa 900. Nsonga ya Malumbe pamwamba pa phiri lathuli imapitirira mamita 2,000, pomwe Sapitwa ndi mamita 3,002. Sindikunyoza phiri la eni ake, nalonso nlotsetsereka ndipo amene amalikwera sabata ndi sabata miyendo ali nayo. Koma kuja munthu amakwera m'mawa, masana ali kunyumba akumwa tiyi. Ku Mulanje ukagona komweko, kulibe sitolo, kulibe magetsi.

Che Chinamwali: Aphunzitsi ndiye kuti ine ndikamadikira minibasi pa depoti ndimakhala ndili pamwamba pa Table Mountain? Ndiyamba kuzitama

Aphunzitsi opuma (Domasi): Mumakhala mwatsala pang'ono, Che. Monga mwa nthawi zonse.

Dalaivala wa pa Mpondabwino: Ine maganizo anga ayambe Liwonde. Anthu angotsika kumene ndege pa Chileka mawa lake muziwakweza phiri? Liwonde mpafupi, ola limodzi ndi kanthu mwafika pa geti, akakhale mgalimoto aziona njovu uku akupuma, phiri pambuyo

Nangozo: Ayi ankolo mwatembenuza. Ajatu ayamba kaye akhala masiku awiri kwa agogo ku Jali akudya nkhuku, apumula kale amenewo. Phiri limafuna miyendo yoti sinalowe ulesi. Ku paki ntchito yako nkukhala pansi basi, mgalimoto kukhala, mu boti kukhala, ukabwerako kudya nkugona, nde ukayamba kumeneko tsiku lachitatu ukati tiyeni kuphiri aliyense amayamba kupeza chifukwa, wina bondo wina mmimba. Koma ukayamba phiri, ntchafu zikuwawa chonchi, kenako nkukakhala mu boti pa Shire dzuwa likulowa mvuu zikufwenthera pambalipa eee umamva kukoma kawiri

Madala a Nkhalango: Mwanayu wanena zoona, ndipo ndionjezere chifukwa china chomwe ambiri sachiganizira. Ine ndagwira ntchito m'phiri la Zombali zaka zambiri ndisanapume. Mukapita nawo alendowo mbali ya kumadzulo, ku Chingwe's Hole, nkuima m'mphepete muja tsiku lopanda nkhungu, pansi ponse mukuonapo ndi chigwa cha Shire, mtsinje ukung'anima chapatali. Ndiye mwana umamulozera kuti waona uko, mkuja tikakhala kumeneko, njovu zili mmenemo. Akakafika ku paki nkutembenuka kuona mapiri atatsamira kumbuyo amadziwa yekha kuti ndinaima pamwamba paja. Ukayamba pansi sizimveka chimodzimodzi.

Za kayendedwe. Ngati ali ndi mphamvu akwere wapansi kudzera Potato Path, njira yomwe alimi ankatsitsira mbatatesi kubwera nayo kumsika. Imayambira kumtunda kwa tauni nkukatulukira chakufupi ndi Ku Chawe, maola awiri kwa munthu wosazolowera, ndipo ndi chikweza chokhachokha, musanamizane. Mukafika pamwamba zinthu zimaphweka. Damu la Mulunguzi, mathithi a Mandala, kenako kutsata mtsinje mumthunzi kudutsa pomwe ankaweta nsomba za trout mpaka mathithi a Williams. Amene akadali ndi mphamvu apitirire ku damu la Chagwa, Queen's View ndi Emperor's View. Apo tsiku latha. Chingwe's Hole ili mbali ina ndipo nkutali, kumeneko mupite pa galimoto yokwera pansi, ka Mira mukakasiya panjira.

Abiti wa ku Songani: Madala dzenje lija ine ndimaliopa, agogo ankatiuza kuti mafumu akale ankaponyamo adani awo ndi anthu odwala khate, ati limakatulukira ku Shire

Madala a Nkhalango: Nkhani imeneyo tonse tinaimva mama ndipo anyamata operekeza alendo amaikometsera tsiku ndi tsiku. Zoti lilibe pothera nzongokamba. Koma ana muwagwire dzanja, pakamwa pake pamera mitengo ndi zitsamba moti suliona bwino mpaka utafika pafupi. Pomwepo pamakhala ogulitsa miyala yonyezimira ija, alamu anu akaiona ndalama zithera pamenepo

Aphunzitsi opuma (Domasi): Queen's View inatchedwa choncho chifukwa cha amayi ake a Mfumukazi Elizabeth omwe anabwera mu 1957, ndipo Emperor's View ndi ya Haile Selassie wa ku Ethiopia yemwe anadzacheza mu 1965. N'chifukwa chake ma Rasta amapalemekeza. Mukaima pamenepo tauni yonse ili pansi pa mapazi anu, nyanja ya Chilwa ndi chilumba cha Chisi uko, ndipo kukakhala koyera Mulanje amaoneka yense. Alamu anuwo akamuone kaye Mulanje ali pamenepo, mwina aganiza kawiri okha.

Mayi a Tamanda (Matawale): Nanga nyama muphiri la kwathuli zilimo? Wamng'onoyo akuti akufuna akambuku

Madala a Nkhalango: Anyani ndi apusi osasowa, mbawala mwa apo ndi apo ukalawirira. Kambuku ine zaka zonse zija ndinaonapo mapazi basi. Koma mbalame ndiye zilimo, kuli azungu amabwera ndi ma kamera aatali ngati mtondo kudzafuna kambalame kamodzi ka khosi lachikasu kotchedwa yellow-throated apalis, kamapezeka ku Malawi kuno kokha, m'nkhalango za mapiri ngati Zomba ndi Mulanje. Ife tinkangokadutsa osadziwa kuti munthu angakwerere ndege

Che Chinamwali: Ife tikanakaona tili ana bwenzi chili chiwaya. Legeni sinkafunsa dzina

Bambo a Yankho (Sadzi): Ndalowa mochedwa koma nkhani ya Sapitwa ndisiyireni ine poti ndinafikapo ndipo mpaka lero sindikudziwa ngati ndinasangalala kapena ayi. Tinapita anthu 6 a kuntchito, mwezi wake womwewu wa Julaye. Pa Likhubula mumalembetsa nkutenga gaidi ndi anyamata onyamula katundu, ndipo ndikuuzeni osachita nawo ukali pa mtengo anyamata amenewo chifukwa ine chikwama chomwe ndinkalephera kuchikweza pamsana mnyamata anachinyamula atavala ma silipasi nkumatidikira kutsogolo akuimba mluzu. Tsiku loyamba ndiye kukwera kokhakokha, poyamba mumaseka kujambulana, ikamakwana 11 koloko aliyense ali zii kumangomva mpweya wa mnzako. Tinafika ku Chisepo dzuwa litapendeka. Tinyumba ta mphirimo timakhala ndi mlonda amene amakukolezerani moto nkukutungirani madzi koma chakudya ndi zofunda nzanu, ife tinatenga ufa, usipa, soya pisi ndi shuga wambiri, nsima ya usiku umenewo sindinadyeponso yokoma choncho chibadwire. Kuzizira kwake abale. Ndinavala ma juzi awiri, jekete, masokosi mmanja, kugona pafupi ndi moto koma mano kumangogundana mpaka mbandakucha.

Mmawa nde Sapitwa. Anthu amaganiza kuti ndi kanjira kongoyenda, ayi. Mumayamba ndi thanthwe lotsetsereka loti umakwawa ndi manja ngati nyani, kenako miyala ikuluikulu ngati nyumba, pena kudumpha mpata pena kulowa pansi pa mwala chokwawa chikwama ukukankha kutsogolo, pena kudutsa mtimitengo topindikapindika tomera ndele. Nde pali chinthu chopweteka mtima, ukaona nsonga umati tafika, ukafikapo gaidi nkukulozera ina kutsogolo, katatu konse mpaka mnzathu wina anakhala pansi nkunena kuti mukandipeza pobwerera. Titatsala pang'ono chiperoni chinabwera. Sindikunama mphindi 10 sizinakwane, kumwamba kunali koyera kenako mnzako ali apa osamuona, miyala yonse kunyowa kuterera ngati therere. Gaidi anatifoletsa nkutiuza kuti aliyense aziona nsapato za amene ali kutsogolo kwake basi. Tinafika pa chipilala cha pansonga inde koma tinaona chani? Palibe. Utsi woyera mbali zonse. Chithunzi chomwe ndinajambulitsa pamenepo mayi a Yankho amati ndinajambulira kubafa madzi otentha ali mu ndowa. Potsika ndinatsika ndi matako, buluku linang'ambika, ndipo sabata yonse kutchalitchi ndinkagwada ngati nkhalamba

Che Chinamwali: Kkkkkkk masiku atatu, ndalama, buluku, kukaona nthunzi. Bambo a Yankho mukanangobwera kwathu ndikuwiritsireni madzi

Bambo a Yankho (Sadzi): Che musaseke, chodabwitsa nchoti ndikufunanso kubwererako. Koma mu Seputembala

Nangozo: Nde mwamva anti. Ndipo si nkhani yongoseka, mu Julaye 2009 mlendo wina wa ku Brazil anapitirira yekha kukwera Sapitwa atasiya gaidi mmunsi, nyengo inasintha, anamupeza patatha masabata oposa awiri atamwalira ndi kuzizira. Munthu woti anali atayenda maiko ambirimbiri. Phiri lija silitengera kuti ndiwe wozolowera

Abiti wa ku Songani: Dzina lokhalo likunena kale, sapitidwa. Kuli eni ake kumene kuja. Amati ukapeza chakudya chophikaphika panjira udye wekha osaitana mnzako, ukaitana basi wasowa. Ine anthu akwathu ku Phalombe sakhudzako nkomwe

Nangozo: Anti Abiti ine ndapitako kanayi nsima ya mizimuyo sindinaipezepo, ndipo mmene imandipwetekera njala kumene kuja ndikanadya osaitana munthu zoona

Abiti wa ku Songani: Iwe uziseka choncho. Napolo wa 1991 ku Phalombe unali usanabadwe

Aphunzitsi opuma (Domasi): Onse awiri mukunena chinthu chimodzi, kuti phiri lija nlofunika kuliopa. Ndipo zikhulupiriro zomwe Abiti akunenazo n'zimene zinathandiza kuti mu 2025 a UNESCO alilembe m'gulu la malo a chikhalidwe ofunika pa dziko lonse. Za Napolo, kuno ku Zomba anatsikanso mu Disembala 1946, ndipo za Freddy mu Malichi 2023 tonse tikuzikumbuka. Koma zimenezo n'za nthawi ya mvula. Mu Julaye mdani ndi nkhungu ndi chisanu.

Mjomba wa ku Thondwe: Ine funso langa lili pa Liwonde. Kuli nyama zoti munthu wochokera ku South Africa kwa eni paki ya Kruger angadabwe nazo? Ndinapitako 2012 ndi ana asukulu tinazungulira tsiku lonse kuona njiri ndi nswala basi, njovu imodzi chapatali ngati chulu. Osangopita nawo ku Majete bwanji

Nangozo: Mjomba 2012 ndi kale, Liwonde ija si imeneyonso. A bungwe la African Parks anaitenga mu 2015 mogwirizana ndi boma, anamanga mpanda wamagetsi kuzungulira, anachotsa misampha ya waya masauzande ambirimbiri. 2017 anabweretsa ma cheetah, 2018 mikango, 2019 zipembere 17 kuchokera ku South Africa komweko, 2021 mimbulu. Njovu zinachuluka mpaka kumazisamutsa, 2016 ndi 2017 pafupifupi 500 za ku Liwonde ndi Majete zinapita ku Nkhotakota, 2022 zina 263 ku Kasungu. Ndipo ma cheetah atangobwera miimba yomwe inasowa inabwereranso yokha poti inayamba kupeza zotsala

Che Chinamwali: Ndiye alamu akubwera kudzazonda abale awo zipembere. Atenge kaphoso

Aphunzitsi opuma (Domasi): Mjomba, Kruger ndi yaikulu kutalitali, Liwonde ndi ma sikweya kilomita 548 okha, pamenepo palibe mpikisano. Chomwe Liwonde ili nacho ndi Shire. Kukwera boti nkumadutsa mvuu ndi ng'ona zili mbuu pamchenga, njovu zikumwa madzi pansi pa migwalangwa, nkhwazi ikulira pamwamba, zimenezo mlendo saiwala. Majete ndi yabwino, koma kuchokera kuno mudutse Blantyre, mutsike Chikwawa, tsiku lathera pa msewu. Pa masiku 5 ayi.

Mjomba wa ku Thondwe: Chabwino ndagonja, ndiye kuti ndiyenera kupitakonso

Abiti wa ku Songani: Mpanda uja unathandizadi, achemwali anga anakwatiwa chakufupi ndi paki, kale chimanga chikangoyamba kukhwima ankagona kumunda ndi zitini kuthamangitsa njovu

Dalaivala wa pa Mpondabwino: Koma muwauziretu alendowo kuti mu paki satsika mgalimoto. Ine chaka chatha ndinatenga banja lina, tili mkati mwa mitengo ya tsanya muja tinakumana ndi chinjovu chachimuna chili pakati pa msewu chikuthyola nthambi, ndazimitsa injini kuti tidikire, ndikungomva chitseko chakumbuyo kuti kwee, bambo atsika ndi foni ati ndijambule bwino. Njovu inatambasula makutu nkupukusa mutu, ndinakuwa mawu omwe sindingalembe pagulu pano pali azimayi. Analowa chamutu miyendo ili kunja ine ndikubwerera chambuyo. Pobwerera anandidula ndalama ati ndinawanyoza

Mayi a Tamanda (Matawale): Iiii achimwene anga ndi omwewo a khalidwe limenelo, ndiwakhazika pakati

Nangozo: Koma anti ngati alamu akufunitsitsa kuyenda wapansi pakati pa nyama, ku Liwonde komweko zimatheka, mumapita ndi renjala wa mfuti. Kuli ka phiri ka Chinguni chakummwera kwa paki kufupi ndi geti, mumakwera mmamawa kusanatenthe nkumaona Shire yense ndi madambo ake pansi. Kungoti kuyenda kwake nkosiyana ndi kwa ku Zomba. Kuno mumayenda mukucheza kuseka wina kutsalira kujambula maluwa, kuja mumayenda mzere umodzi pakamwa potseka, renjala akaima nonse mumaima, akati bwererani mumabwerera osafunsa, ndipo chachikulu osathamanga olo mtima ukuuze bwanji. Amakuonetsa mapazi, ndowe za njovu nkukuuza kuti yadutsa nthawi yanji, mtengo womwe yakhulapo msana. Ine ulendo umenewo sitinaone nyama zambiri kuposa pa galimoto koma njati imodzi yomwe inatiyang'ana tili wapansi ndimailotabe. Mufunsiretu za msinkhu poti ana aang'ono samawalola, wa 11 uja mwina atsala. Zovala zowala ayi, komanso zakuda ndi zabuluu zimaitana kashembe

Aphunzitsi opuma (Domasi): Kunena zoona, malo omwe phiri ndi nyama zimakumana kwenikweni m'dziko muno ndi Nyika. Kumeneko umayenda wapansi pa udzu wa pamwamba pa phiri, mbidzi, ntchefu ndi chilembwe zikudya chapafupi, ndipo pali ulendo wa masiku atatu wochoka ku Chelinda kukatsikira ku Livingstonia. Ndinapitako kamodzi ndili mnyamata. Koma kuchoka kuno kukafika ku Rumphi ndi tsiku lathunthu, kenako msewu wafumbi wokwera. Asungire ulendo wina.

Mjomba wa ku Thondwe: Ine chimandiwawa nchoti tikuitanira alendo kuphiri loti tikulimeta tokha. Mukayang'ana kuchokera ku Thondwe kuno mbali zina zayera ngati mutu wa mpala, chilimwe chilichonse moto usiku uli ngwee, mmawa njinga za makala ndi matabwa zikutsika mzere

Dalaivala wa pa Mpondabwino: Mjomba makalawo amagula ndani? Magetsi akazima nonse mumathamangira mbaula. Osamangonyoza wa njinga, iyeyo akusaka ya ufa

Mjomba wa ku Thondwe: Sindikunyoza wa njinga, ndikunena a ma lole

Madala a Nkhalango: Nkhani iyi ikandiyamba sindigona. Paini wambiri mukumuonayo anadzalidwa kuti adzadulidwe ndithu, vuto nkudula osabwezeretsa ndi moto wolowa mu mbande zongodzala kumene, ena amayatsa dala pofuna mbewa kapena kuti mitengo ikapsa aigule motchipa. Koma chondiliza ine ndi mkungudza wa ku Mulanje, mtengo wa fuko lathu, wosamera mwachilengedwe kwina kulikonse pa dziko lapansi. Pofika 2017 ofufuza anapeza ikuluikulu 7 yokha itatsala phiri lonse lija. Akudzala ina inde koma mtengo uja umakula mochedwa, ife sitidzauonanso uli nkhalango. Mayi a Tamanda, alendo anu akakaona timabokosi tonunkhira ta mkungudza tikugulitsidwa panjira asagule chonde

Adimini: Abale nkhani ya makala tinakangana kale mwezi watha mpaka anthu awiri anatuluka pagulu. Tiwathandize mayiwa pulogalamu yawo kaye

Nangozo: Chabwino anti nayi yanga mutsutse. Poti ali kale ku Jali, asabwererenso mtauni, adutse msewu wa Phalombe kukatulukira ku Chitakale mpaka Likhubula. Tsiku limenelo akwere kukagona ku nyumba ya Chambe, maola anayi kapena asanu ndi ana, akadzuka mmawa aone chithanthwe cha Chambe chili njo pamaso pawo, alamu mtima ukhala pansi kuti agona pa Mulanje. Potsika adzere njira ya Chapaluka akathere pa Dziwe la Nkhalamba, ofuna kusamba asambe koma madzi ake mu Julaye amaluma ngati ali ndi mano. Madzulo abwerere ku Zomba. Lachitatu phiri lakwathu koma mwaulesi, akwere pa galimoto, Emperor's View, mathithi, Chingwe's Hole kukaloza ku Shire monga anenera madala. Lachinayi ndi lachisanu Liwonde, boti madzulo, galimoto mmamawa. Amene sakufuna kugona mphiri atha kungofika pa Dziwe nkubwerera, ndi ola limodzi kuchoka pa Likhubula

Bambo a Yankho (Sadzi): Imeneyo ndiye pulani. Onjezerani izi, nsapato zikhale zoti anaziponda kale osati zatsopano za mu bokosi, matuza ake mudzalira. Tochi, jekete ya mvula olo kuli dzuwa, machesi mu pulasitiki. Netiweki mphirimo imagwira mwa apo ndi apo nde auzeni akumudzi asayambe kulira maliro foni ikapanda kulowa. Ndipo mmunsi mwa phiri osagwiragwira zitsamba, chitedze nthawi imeneyo chimakhala chitauma, mnzathu wina anapita kuseri kwa tchire kukadzithandiza anabwerako akuvina beni

Madala a Nkhalango: Ndi linthumbu. Mukaona mzere wakuda wadutsa njira dumphani, osaima pamenepo kujambula

Dalaivala wa pa Mpondabwino: Ku Liwonde mu Julaye misewu imakhala youma bwino, vuto ndi nthawi ya mvula makande aja amameza galimoto. Kungoti nyama zimaonekera kwambiri Seputembala ndi Okutobala udzu ukauma zonse zikathamangira kumtsinje, koma kutentha kwake nde kwa ku Liwonde mukukudziwa. Mu Julaye muonabe. Mutenge ziphaso zanu, Amalawi timalipira zochepa pa geti kusiyana ndi akunja, ndipo malo ogona mubukiretu pano poti miyezi imeneyo azungu amadzaza. Neti ndi mankhwala a udzudzu kwa anawo osaiwala, magazi awo sadziwa malungo

Abiti wa ku Songani: Nde palibe amene watchula ma sitiroberi? Mwana angakwere Zomba osadya sitiroberi ndi timabulosi tachikasu tija? Mugule kwa anyamata a mmbali mwa msewu koma muzitsuka, ndipo mtengo woyamba akakuuzani muziseka kaye, akaona alamu achilendo aukweza kawiri. Inuyo mayi muzitsika nokha mgalimoto enawo akhale mkati magalasi otseka

Che Chinamwali: Abiti nkhani ya mizimu munali serious koma apa nde mwafika pa ntchito yanu yeniyeni

Mayi a Tamanda (Matawale): Zikomo nonse mwandimasula. Ndawatumizira pulogalamu ya Nangozo ndi nkhani ya Bambo a Yankho yonse osachotsapo kanthu. Achimwene ayankha kuti bola Chambe. Alamu angoti tikaonera komweko, wamkulu wa 16 uja naye ali mbali ya mayi ake, nde ndikuona kuti nkhondo ikadalipo. Koma vuto lina ndi ineyo, akuti ndipite nawo mpaka kukagona mphirimo, ine masitepe a ku ofesi okha ndimapumira panjira

Nangozo: Anti kwatsala masabata angapo, tiyeni Loweruka lino Potato Path tikayese mawondowo. 6 koloko mmawa, botolo la madzi ndi nthochi. Mukafika Ku Chawe osandilaula ndiye kuti Chambe mukafika

Madala a Nkhalango: Nane ndibwera, ndikakuonetseni pomwe ndinaona mapazi a kambuku paja. Koma muziyenda liwiro langa

Bambo a Yankho (Sadzi): Ndilembeni. Buluku ndagula lina

Abiti wa ku Songani: Ine mukandipeza pamwamba ndili ndi ma sitiroberi, ndikwera galimoto

Che Chinamwali: Funso lomaliza adimini asanatseke, kabaza amafika pa damu paja ndalama zingati, ndipo akhoza kundidikira ndijambulitse?

Nangozo: Che mubwere wapansi, 6 koloko. Ndikudzerani pakhomo